Tivi Yogona Chagada

Amene munayendapo m'tauni ya Zomba zaka zapitazi a Consolata Matewere mukuwadziwa, ngakhale mwina dzinali simunalimvepo. Ndi amayi aja ankakhala pakhonde la sitolo ya nsalu ya a Naseem, kuseri kwa makina akuda opalasa ndi mwendo, tepi yoyezera ili m'khosi, mapini ali pakamwa, n'kumayankhula choncho osameza ngakhale imodzi. Munthu ukamadutsa iwo amakhala atakuyeza kale ndi maso. Ukawapatsa moni ankayankha bwinobwino, kenako n'kukufunsa kuti diresi wavalalo anasoka ndani, ndiponso ngati anali maso pamene ankasoka. Anthu ankakwiya, koma mawa lake ankabwera ndi nsalu.

Anabadwira kuphiri, kumtunda kwa mtsinje wa Mulunguzi, kumene bambo awo ankagwira ntchito yodzala ndi kudulira mitengo ya paini. Ana a kumeneko amakula akugulitsa zipatso m'mbali mwa msewu, ndipo Consolata nayenso anagulitsa. Koma pamene anzake ankangokhuthulira zipatso m'timadengu n'kuthamangira galimoto, iye ankakhala pansi n'kumasanja: zachikasu pakati, zofiira kuzungulira, zakuda m'mphepete, pamwamba timasamba tiwiri. Mayi ake ankamukalipira kuti akutaya nthawi ndi zachabechabe. Komabe galimoto ikaima, chala chinkayamba kuloza kadengu kake.

Atakula anatsikira m'tauni kwa azakhali awo, amene anawaphunzitsa makina. Kumeneko anakumana ndi a Dunstan, dalaivala wa galimoto za boma, mwamuna wosapupuluma pa chilichonse kupatula mpira. Anakwatirana, anamanga kanyumba ku Likangala, ndipo anabereka mwana mmodzi, Miriam. Pakhonde paja anayamba kukhalapo chaka chomwecho chimene a Naseem anabwera m'sitolomo ali mtsikana wongokwatiwa kumene. Awiriwa anakalamba limodzi, wina mkati wina panja, akukangana kudzera pakhomo za nsalu imene ikuyenda malonda ndi imene yagona. Pa Idi a Naseem ankatulutsa mbale ya masamusa, pa Khirisimasi a Consolata ankabweretsa phava la nthochi, ndipo mkangano unkapitirira pamene unalekera.

Kenako maso anayamba kuwathawa. Poyamba ankati ulusi wa masiku ano ndi wonenepa. Pambuyo pake ankati singano za masiku ano akuzipanga zopanda mabowo. Kuchipatala anawapatsa magalasi, patapita nthawi anawasinthira ena okhuthala, pomaliza anawauza chilungamo: zinthu zazikulu ndi zowala aziziona ndithu, koma zing'onozing'ono aziiwale. Iwo sanauze munthu. Ankangopatsira singano a Naseem, a Naseem n'kulowetsa ulusi osafunsa kanthu.

Chinawachotsa pakhonde ndi diresi la mtsikana woperekeza akwati. Mkono umodzi anausoka chotembenuza, kunja kuli mkati, ndipo sanaone mpaka mwiniwake atalivala. Mtsikanayo analalata msewu wonse n'kumva. A Consolata, amene moyo wawo wonse ankaseka matelala osoka ali m'tulo, ananyamuka pa makina. Anavula tepi m'khosi n'kuiponya m'chikwama, anaitana wa kabaza kuti anyamule makina, basi ulendo wa kunyumba. Miriam atamva anaimba foni kuchokera ku Blantyre kumene amagwira ntchito. "Amama, ingopumani, mwagwira ntchito mokwanira." Mawu akuti pumani anawanyansa kuposa kulalata kwa mtsikana uja.

Chaka chimenecho tchalitchi chawo cha Katolika chinkakwanitsa zaka makumi asanu, ndipo amayi anagwirizana zodinditsa nsalu ya chikumbutso. Wapampando wawo, a Elsie Kachingwe, mayi wa thupi lake ndi mawu ake omwe, anati achite monga amachitira ena onse: atumize chithunzi cha tchalitchi kufakitale, akumeneko aone okha mojambulira. A Consolata anaimirira asanaganize n'komwe.

"Nsalu imeneyo ndijambula ndine."

Kumbuyo, a Sheila, mayi wowonda woimba kwaya, ananong'ona monga amanong'onera anthu ofuna kuti umve: "Ndi maso ake ati?"

"Aaa, tiyeni tiwalole amayiwa ayesere," anatero a Elsie. "Zikakanika tizangotumiza kwa eni ake ntchito."

Chifundo chimenecho chinawabaya kuposa kunong'ona kuja. Pobwerera kunyumba ankadziwa bwino chimene achita. Nsaluyo ikatuluka bwino, adzakhalabe munthu woveka anthu. Ikakanika, adzakhala agogo aja ankasoka kale, oyenera kuwapatsa mpando pamthunzi.

Miriam amagwira ntchito pamalo posindikiza zikwangwani ndi makhadi a ukwati, ndiye ataona kuti mayi ake sabwerera m'mbuyo anabwera ndi laputopu yake yakale. A Consolata anajambula papepala lalikulu ndi cholembera chakuda chonenepa zipatso za kuphiri zija ndi masamba omera m'mphepete mwa Mulunguzi. Miriam anazitola ndi foni, anatolanso tchalitchi, n'kulowetsa zonse m'laputopumo. Anawaonetsa kukoka chinthu ndi mausi, kuchikulitsa, kuchisintha mtundu. Iwo ankangogwedeza mutu ngati akuona. Mwana atapita, anayandikitsa nkhope mpaka mphuno kugunda galasi, koma kamuvi kolozera kaja kankawasowa ngati utitiri. Ankakasaka mpaka misozi kutuluka, akakapeza n'kusowanso. Tsiku lina anaitseka laputopuyo mwaukali, n'kupita m'tauni kukadandaula kwa mnzawo wokangana naye.

Chichokereni pakhonde anali asanalowemo m'sitolo ya a Naseem. Atangolowa anaima chilili. Pakhoma, kuseri kwa kauntala, panali tivi yaikulu, ndipo inkaonetsa nsalu, maluwa ake akuluakulu owala ngwee, moti ngakhale iwo ankaona tsamba lililonse.

"Kodi a Naseem, pologalamu yanji imeneyi yoonesa nsalu zokhazokha?"

"Pologalamu yachani? Ndi kompyuta yanga iyi ili pansi apa. Mwana wanga Uzair anandilumikizira ku tivi. Ogulitsa akatumiza mitundu yatsopano ndimaonera pamenepo. Inu mumayesa maso akutha ndi anu okha?"

"Nde zonse zili m'kompyutamo zimatuluka apo?"

"Zonse."

"Ngakhale kamuvi kaja?"

A Naseem anagwedeza mausi, ndipo kamuvi kanayenda pakati pa maluwa, kooneka bwinobwino. A Consolata anagwira kauntala ndi manja awiri. A Naseem anawayang'ana, anatsegula dirowa, n'kutulutsa chingwe chakuda cha mitu iwiri yofanana.

"Tengani, chinatsala. Mutu wina ku kompyuta, wina kuseri kwa tivi, basi. Koma mukajambula zonyansa musakanene kuti chingwe n'changa."

Sanadikire ndi kabaza yemwe. Anatsetsereka wapansi mpaka ku Likangala, chingwe chili m'manja, akupatsa moni anthu amene sankawadziwa n'komwe.

Tsono tivi ya kunyumba kwawo inali nkhani ina. A Dunstan anaigula atapuma pantchito, ndipo ankaisamala kuposa mmene ankasamalira galimoto za boma. Inkakhala pabalaza itafunditsidwa nsalu yopeta, rimoti ili m'kapulasitiki kake, ndipo mlendo akaloza pafupi kwambiri ndi chala iwo ankatsokomola. Ataona akazi awo akusuzumira kuseri kwake ndi chingwe chachilendo, anadzambatuka pampando.

"Make Miriam, mukufuna kundiwotchera tivi?"

"Bambo a Miriam, ine ndakuchapirani malaya zaka zingati osawotcha ngakhale kolala? Tanyamukani mundipezere bowo lake, ine sindikuona."

Anakangana mpaka anaimbira Miriam kuti aweruze. Miriam analumbira kuti sipapsa kanthu, n'kuwauza bambo ake batani lodina pa rimoti, pakuti rimotiyo sakanaipereka kwa munthu ngakhale atawaloza ndi mfuti. A Dunstan analowetsa chingwe ali chitsinzinire diso limodzi. Anadina. Tivi inada bii. Anatsegula pakamwa kuti anene kuti si izi ndimanena, ndipo nthawi yomweyo galasi lonse linayaka.

Chipatso chachikasu chija a Consolata anajambula papepala chinatuluka chachikulu ngati dzungu, tinthu take tonse tikuoneka, ngakhale pamene dzanja linanjenjemera.

"Mayo ine! Ndikuona! Bambo a Miriam, ndikuonatu ine!"

Anakuwa mpaka oyandikana nawo anathamangira poganiza kuti mwagwa zovuta. Anapeza mayi wamkulu akuvina pabalaza, mausi ili m'manja, akulira ndi kuseka nthawi imodzi, amuna awo akupapasa kuseri kwa tivi kuti amve ngati ikutentha. A Consolata anakoka mpando n'kukhala pafupi. Anagwira chipatso chija ndi kamuvi, anachikokera kumanzere, chinapita. Anachikokera kumanja, chinabwera. Anachisandutsa chofiira, kenako chakuda, kenako chachikasu. Tsiku limenelo ndiwo zinapserera pamoto.

Kuyambira pamenepo m'nyumbamo munakhala pangano: masana tivi ndi ya amayi, nthawi ya nkhani ndi ya mpira ndi ya abambo. A Consolata ankadzuka, kusesa mothamanga, n'kukhala pantchito ngati kale, akuyankhula okha, akukalipira kamuvi kakapita kolakwika. Magetsi akazima ankakhala pakhonde nkhope ili ndwii, ndipo ana a m'mudzimo akangokuwa kuti "Ayaka!" iwo ankayamba kufika pa tivi anawo asanatseke pakamwa. Nsalu inayamba kuoneka. Pansi pake anaika mtundu wobiriwira wa phiri mvula ikangokata. M'mphepete anasanja zipatso monga ankasanjira m'kadengu, zachikasu, zofiira, zakuda. Ndipo pakati penipeni anaika tchalitchi, chachikulu, mtanda wake uli pamwamba, chitazunguliridwa ndi nkhata ya golide. Chinakhala bwino pakatipo moti iwo eni ankachedwa nacho kuchiyang'ana.

Amayi a komiti atabwera kudzaona, a Dunstan anachita kuvala jekete kuti adine batani. Nsalu itatuluka pagalasi, a Elsie analuluta nthungululu, ena onse n'kulandira. A Sheila anayandikira, anayang'anitsitsa, kenako anati, "Iii, koma nde yakongolatu," ndipo anawomba m'manja pamodzi ndi anzawo. Anagwirizana kuti Miriam abwere Loweruka adzaiike m'fulashi, Lamulungu apite nayo ku Blantyre, Lolemba ikalowe kufakitale.

Loweruka linafika, Miriam anafika, ndipo zikanathera pomwepo chikanapanda chizolowezi chimodzi. A Consolata chiyambireni kusoka sanaperekepo chovala chimene sanachione pathupi la munthu. Mwini wake ayime, atembenuke, akweze manja, akhale pansi, ndiye alipire. Nsalu iyi yokha ipite osavalidwa? Mtima unakana.

"Miriam, ungaikulise pa tivipa kuti ifanane ndendende ndi mmene izakhalire?"

"Ndingathe, amama, koma siyikwana yonse. Iziwoneka chigawochigawo."

"Palibe kanthu. Bambo a Miriam, tandithandizani tiigoneke tiviyi."

A Dunstan anayesa kuti sanamve bwino. Masana omwewo timu yawo inali ndi mpira womaliza wa chikho, ndipo anali atakonza kale mpando ndi botolo la thobwa.

"Kuigoneka? Tivi? Idwala?"

"Chagada, pamatiresi. Ndimaliza mpira wanuwo usanayambe."

Anadandaula, anatchula mtengo wake, anatchula mayina a oyera mtima, koma pomaliza anainyamula okha, pang'onopang'ono ngati khanda, n'kuigoneka pamatiresi pakati pa balaza. Miriam anakulitsa chithunzi mpaka muyeso unagwirizana. Mayi ake anatseka makatani, anayala pepala la pulasitiki pagalasi, pamwamba pake n'kuyala kaliko, nsalu yoyera yopyapyala. Kuwala kunadutsa. Mizere yonse inaoneka pansaluyo, yonenepa, yowala, yoti ngakhale maso awo sangaiphonye. Anagwada n'kuyamba kutsatira ndi choko cha utelala mopepuka, akamaliza chigawo Miriam n'kusuntha chithunzi, iwo n'kusuntha nsalu. Ankaimba chapansipansi. A Dunstan ankazungulira matiresi akuti, "Musasindikize, chonde musasindikize."

Atamaliza anaimirira, anakutumula kaliko uja, anamuzunguliza m'chiuno n'kumanga. Anayenda monyang'wa kuchoka pakhomo kufika pawindo.

"Nanga bwanji? Tanenani!"

"Mwatchena, amama," anatero Miriam.

Anatembenuka kuti abwerere. A Dunstan, amene anali kumbuyo kwawo, anasiya kuyang'ana wotchi.

"Make Miriam, tayimani kaye choncho."

"Chachitika n'chani?"

Anatsokomola, anakanda m'mutu. "Ine sindidziwa za nsalu. Koma tchalitchitu chili pokhalira. Mtanda uli pamchombo wa kumsana, khomo lili... basi, mwamva."

Mkazi akamavala chitenje, pakati pa nsalu pamapita kumbuyo, nsonga ziwiri n'kukumana kutsogolo. Kamtsikana kalikonse kamadziwa zimenezo kasanayambe ndi sukulu yomwe. A Consolata anadula zitenje zosawerengeka akudziwa zimenezo. Koma pagalasi paja tchalitchi chinkakongola pakati, ndipo chimwemwe cha kuona chinawaiwalitsa kuti nsalu imavalidwa. Tsiku la chikondwerero amayi mazanamazana akanakhalira tchalitchi chawo, mtanda ndi nkhata ya golide yomwe, pamaso pa ansembe.

Miriam anaphulika kuseka, koma ataona nkhope ya mayi ake anadzigwira pakamwa. A Consolata anadzigwetsa pampando. Nthawi yomweyo anakumbukira chimene akhalira, n'kudzambatuka ngati akhala pa mbaula. Anamasula nsaluyo.

"Ulendo uno si maso," anatero motsitsa. "Izi ndachita ndikuona bwinobwino. Mkono uja ndinanamizira maso, nanga apa ndinamizira chani? Ndatha ine basi. Miriam, imbira a Elsie, uwauze atumize kwa eni ake ntchito."

Kwa oyandikana nawo kunayamba kumveka pa tivi phokoso la bwalo la mpira, matimu akulowa. A Dunstan anayang'ana wotchi, anayang'ana tivi yawo ili gone pamatiresi, anayang'ana akazi awo. Kenako analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi kawailesi kakale komanga ndi mphira.

"Mpira ndimvera apa. Tiviyo isadzuke mpaka tchalitchi chitasamuka."

"Bambo a Miriam..."

"Fakitale ikanaona zimenezi? Akanadinda choncho, ife n'kuzaonera kutchalitchi. Inu mwaona lero chifukwa mumavalisa munthu kaye. Tiyeni, gwadani, ndikugwirirani nsalu."

A Consolata anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku. Atagwira mausi, ukali wawo wakale unabwerera wonse. Tchalitchi anachichotsa pakati, anachichepetsa pang'ono, anauza Miriam achipange ziwiri, china kunsonga iyi china kunsonga iyo, kuti mayi kaya amangira kumanja kaya kumanzere, chimodzi chizikhala pamwamba kutsogolo. Pakati paja anadzazapo masamba ndi zipatso, zoti munthu akhalire mmene angafunire. Anatembenuza kaliko n'kuyambanso kutsatira. A Dunstan anagwira nsonga ndi dzanja limodzi, lina lili ndi wailesi kukhutu. Timu yawo itagoletsa analumpha, nsalu inasuntha, denga la tchalitchi linapindika, ndipo anakalipidwa mpaka anapepesa chigoli chisanathe kulengezedwa.

"Koma anthu sitifanana m'chiunomu," anatero a Consolata atavalanso. "Pa ine chakhala bwino. Nanga pa a Elsie? Miriam, aimbire ndithu, koma uwauze abwere. Atengenso a Sheila."

Anabwera ali wefuwefu, poganiza kuti kompyuta yameza nsalu. A Consolata sanabise kanthu. Anawaveka a Elsie mbali yakale ija n'kuwatembenuzira kwa a Sheila. A Sheila anagwira pakamwa. A Elsie anapotoza khosi, anaona, ndipo anaseka mpaka anatsamira chitseko misozi ili chuchuchu.

"Pa inetu nde chakwana chonse, ndi bwalo lomwe! Iii, ambuye, tikanalowera kuti?"

"Ifenso tonse tinaomba m'manja," anatero a Sheila, osaseka kwenikweni.

Anayesa mbali yatsopano. Pa a Elsie tchalitchi chinathawira chakuntchafu, pa a Sheila chinapitirira chakumbali. A Consolata anasuntha, anayesanso, anasunthanso, akuwalamula ngati ana a sukulu: imani, yendani, gwadani, khalani pansi. Amayi awiri akuluakulu ankangomvera. Pomaliza anapeza malo amene pa wonenepa ndi pa wowonda pomwe tchalitchi chinkagwera kutsogolo, pamwamba pa mawondo. Anaimbira a Naseem kuti awauze nkhaniyi, ndipo a Naseem atatha kuseka anafunsa funso la munthu wogwira sizasi.

"Nsalu imabwera mpukutu wautali. Wodula azadziwa bwanji podula? Akaphonya pang'ono, tchalitchi chabwerera komwe chinali."

Ndiye a Consolata anaikanso kamzere ka zipatso zakuda zokhazokha kodutsa choimirira, koti sizasi izitsata. Dzuwa lisanalowe fulashi inali m'chikwama cha Miriam, tivi inadzutsidwa ili bwinobwino, ndipo timu ya a Dunstan inali italuza chikho. Iwo anati kunali bwino kuti sanaone.

Mipukutu itabwera inafikira kwa a Naseem, amene anakana kuti wantchito aliyense aigwire. Anadula okha, chidutswa ndi chidutswa, akutsata zipatso zakuda. Koma mtima wa a Consolata sunakhazikike. Kaliko wa choko ndi china, nsalu yeniyeni pa matupi mazanamazana ndi china. Mwina fakitale inasuntha pang'ono. Mwina pali wina womanga mwa mtundu wake.

Chikondwerero chinayamba ndi ulendo wa amayi wokapemphera kuphiri, pafupi ndi damu la Mulunguzi. A Consolata ndi amuna awo anatsogola pagalimoto ya a kwaya chifukwa cha mawondo, ndipo anatsika pakhona pamene kale ankaimapo ndi kadengu. Kunkazizira, paini akununkhira. Poyamba anamva nyimbo kumunsi. Kenako pakati pa mitengo panatulukira chobiriwira, chachitali, chikukhota ndi msewu, chikukwera, osatha. Nkhope sankaziona, koma mtunduwo ankauona, ndipo unali wawo. Anagwira mkono wa a Dunstan mpaka anawatsina.

"Ndi yanga ija! Onse aja! Bambo a Miriam, tapitani kumbuyo kwawo mukandionere ngati chili bwino."

"Ine? Bambo wamkulu ngati ine ndiziyenda kumbuyo kwa akazi a eni ndikusuzumira? Mukufuna andichose mu mpingo?"

A Dunstan anakana kwamtuwagalu, ndiye a Consolata anangolowa mumzere osadziwa ngati chili bwino. Atafika pakapinga m'mbali mwa madzi, a Elsie anakweza mawu kuti onse akhale pansi. Gulu lonse linakhala, miyendo kutambasula monga amakhalira amayi. A Consolata anapezeka ali pakati pa a Sheila ndi mayi wina wachilendo. Pamene a Elsie ankati "Tipemphere," ena onse anatsinzina, koma iwo anawerama n'kuyandikitsa nkhope.

Pamiyendo pa a Sheila panali tchalitchi, chowongoka, mtanda uli m'mwamba, manja awo opinda atatsamira padenga. Anatembenukira kwa mayi wachilendo uja, chimodzimodzi. Anasuzumira kutsogolo, anasuzumira kumbuyo, mpaka pamene maso awo ankalekezera. Aliyense anali atafukata tchalitchi chake. Pemphero lonse silinawalowe m'khutu, ankangolira mwakachetechete, misozi ikugwera pa nkhata ya golide.

Atati amen, mayi wachilendo uja anawagwira paphewa.

"Pepani mayi, akuti munajambula ndinu? Ife ndife a kwaya ya ku Zakazaka. Tikufuna yathu, koma ya mabulauzi, nde sitikudziwa kuti chithunzi chingakhale pati."

A Consolata anamuyang'ana kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno. Anapisa dzanja m'chikwama, pansi penipeni, pamene tepi ija inagona chichokereni pakhonde. Anaitulutsa, anaiwongola, n'kuikoleka m'khosi.

"Tayimirirani kaye," anatero. "Ndipo bulauzi mwavalayo anasoka ndani?"